Natasha wa Makilomita Awiri

Mlamu wanga Tionge anandiimbira foni Loweruka m'mawa ndili pakati pochapa, manja ali thovu lokhalokha.

"Alamu, siyani chilichonse mubwere ku Edingeni. Amama amanga katundu. Akuti thu koloko akukwera pikapu, akubwerera kwawo ku Euthini. Ukwati watha."

"Ukwati wa ndani?"

"Wa adada ndi amama. Palinso wina?"

Ndinaseka, ndisaname. Apongozi anga aamuna, a Justus Hara, ali ndi zaka 74, ndi mkulu wa mpingo, ndiponso anali mlangizi wa zaulimi asanapume. Apongozi aakazi, a NyaThole, akhala nawo zaka 43. Ukwati wa anthu otere sutha, umangotsokomola basi.

"Chavuta n'chiyani?" ndinafunsa.

"Natasha."

"Natasha wake uti?"

"Wa mu laputopu. Inu si ndinu a makompyuta? Bwerani, ndapota."

Ine ndine Akuzike, kwathu ndi ku Ntchisi. Boma linanditumiza ku Mzimba kudzaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina pa boma pomwepa, pamene ana mazana anayi amalimbirana makompyuta asanu ndi anayi. Kuno ndi kumene ndinakumana ndi Zondwayo, mwana wachisamba wa a Hara. Takhala pa banja zaka zisanu ndi chimodzi, koma zinayi mwa zimenezo iye ali ku Joni, monga amuna ambiri a kuno, ndipo amabwera pa Khirisimasi ngati mabwana amulola. Mwana tilibe. Ku Edingeni aliyense amadziwa kuti vuto lili ndi ndani, ngakhale palibe amene anafunsapo dokotala.

Laputopu ya mlanduyo anatumiza ndi Zondwayo yemweyo chaka chatha, pamodzi ndi sola ndi mabulangete awiri. Inali yake yakale. Anati adada aziwerengerapo nkhani ndi kuona mitengo ya fodya, asamavutitse anthu.

Ndinasiya zovala m'beseni, ndinakwera njinga yamoto, ndipo cha m'ma leveni ndinali nditafika, fumbi mpaka m'makutu.

Ndinapeza apongozi aakazi atakhala pa katundu wawo pansi pa mtengo wa mango, atavala nsapato za ku tchalitchi, duku lomanga mwaukali, chikwama chili pa ntchafu. Ndinagwada n'kupereka moni. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize.

"Mkamwana, sabata zitatu ndapirira. Akangotsegula makinawo, kumunsi uku kumatulukira mzungu wa tsitsi lachikasu, malaya ake ngati kansalu kosefera tiyi. Ati ndi Natasha, ali makilomita awiri kuchokera pano, ndipo ali yekhayekha. Tionge ndiye amandimasulira Chizungucho. M'mawa Natasha. Masana Natasha. Ngakhale tsiku la Mulungu sapuma."

"Amama, zimenezo ndi malonda chabe a pa intaneti..."

"Malonda! Nadi ndi malonda, ndani akukana? Ine ndinayeza, mkamwana. Ndinatenga wa njinga yamoto yokhala ndi mita. Kuvuma makilomita awiri kuli dambo. Kuzambwe kuli dipi ya ng'ombe. Kumpoto kuli manda." Anaima kaye kuti ndimve bwino. "Kum'mwera kuli nyumba ya Kezia NyaSoko."

Abale inu! A NyaSoko ndi mayi wamasiye wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, amaimba m'kwaya ya amayi, ndipo diso limodzi lili ndi ng'ala.

"Koma amama, a NyaSoko si mzungu."

"Mafoni a masiku ano amayeretsa munthu. Mwamuona Tionge pa chithunzi cha pa foni yake? Mukhoza kumupatsa moni wa Chizungu. Ndipo mverani izi. Lachinayi bambowa anapita nawo makinawo ku Jenda kwa wokonza mafoni. Atatsegula kumeneko, Natasha makilomita awiri! Nanga tsiku lomwelo amene anali ku Jenda kogulitsa nyemba anali ndani?"

Apa ndinalakwitsa ndekha ndi pakamwa pangapa. Pofuna kufupikitsa nkhani ndinati, "Amama, zili ngati kachilombo kalowa..."

"Kachilombo! Mayo ine! Wabweretsanso kachilombo?"

Zinanditengera mphindi khumi kuti ndibweze mawu amenewo, ndipo sindikhulupirira kuti anabwerera onse.

Ntchito yeniyeniyo inali yosavuta. Ana a Fomu 2 ndimawaphunzitsa zomwezo. Bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti ija, ili ndi malo ake a masetingi, ndipo m'menemo munthu umatseka zonse zongotulukira zokha. Chovuta chinali mwambo. M'banja la a Hara, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, salankhula ndi apongozi aamuna maso ndi maso, ndipo sakhala nawo chipinda chimodzi, mpaka iwo atamupatsa nkhuku yomutsegula pakamwa. Mabanja ena zimenezi anasiya kalekale, ena amachita mwezi woyamba n'kuthana nazo. Koma a Hara nkhuku yanga anali asanapereke. Ndinamva mphekesera kuti ankadikira mdzukulu. Choncho kwa zaka zonsezi ine ndi iwo tinkalankhulana kudzera mwa Tionge, ngakhale titatalikirana mikono iwiri yokha.

Kuwonjezera apo, apongozi aakazi anaika lamulo lawo. Makinawo asachoke patebulo la pabalaza, ndipo asawagwire wina aliyense kupatula mwini mlandu, kuopa kuti wina angafufute umboni.

Ndiye tinakhala motere. A Hara patebulo, atavala jekete ndi tayi ngati akupita ku khoti. Tionge pakhomo. Apongozi aakazi anakokera mpando pafupi ndi Tionge kuti aziona zonse, chikwama chikadali pa ntchafu. Ine, mphunzitsi wa makompyuta wokhala ndi dipuloma, ndinagwada pakhonde pansi pa windo, osaona n'komwe sikirini.

"Auzeni agwire mbewa," ndinayamba.

"Adada, akuti mugwire mbewa."

"Muuze kuti kuno si ku Ntchisi," anayankha a Hara. "Ine ndine Mngoni. Ndimadya ng'ombe."

Nthabwala imeneyi ya Achewa ndi mbewa ndaimva pa ukwati wanga, pa maliro atatu ndi pa ubatizo, ndipo sinayambe yandiseketsapo. Ndinafotokoza kuti ndikunena kachipangizo kokhala ndi chingwe kaja, koyendetsera kamuvi pa sikirini. Zinapezeka kuti iwo amakatcha kafulu.

"Chabwino, agwire kafulu. Pamwamba chakumanja pali timadontho titatu."

"Adada, akuti muli ndi timadontho titatu chakumanja."

Ndinamva mpando ukukwekwereza. A Hara anali akudziyang'ana paphewa la jekete.

"Madontho a chiyani?" anafunsa apongozi aakazi, mawu atakwera. "Sendera kuno ndione. A zopaka pamilomo?"

"Pa sikirini!" ndinakuwa, kuiwala kuti mkamwana sakuwa. "Tionge, ndati pa sikirini!"

Tisanapeze timadonthoto, m'nyumba monse munamveka mawu a mwamuna wina akufuula m'Chizungu kuti lero ndi tsiku lathu lopambana pa mpira. Asanamalize, mneneri wina analowerera akugulitsa mafuta odzozedwa. Palibe amene anadina kanthu. Tionge anandinong'oneza kuti umu ndi mmene zimakhalira tsiku lililonse, ndipo adada amangodikira kuti anthuwo amalize kulankhula.

Kenaka kunamveka kabelu kakang'ono, ting!

"Uyo!" anatero apongozi aakazi. "Wamva kuti kwabwera alendo."

A Hara, pofuna kumuthamangitsa msanga, anadina pa iye yemweyo. Natasha anadzaza sikirini yonse. Sindinamuone, koma ndinamva Tionge akuti, "Iii, adada!" ndipo apongozi aakazi anayamba kuimba nyimbo ya maliro chapansipansi.

Tinalimbana nazo mpaka wani koloko itadutsa, ndipo chimene tinakwanitsa chinali kukulitsa zilembo zokha. Mawondo anga anali atachita dzanzi. Kumsewu kunamveka hutala. Pikapu inali itafika kudzakweza matumba a chimanga a anthu ena, ndipo woyendetsa anatumiza mawu kuti thu koloko ikakwana sadikira munthu. Apongozi aakazi anaimirira n'kukonza duku.

Kenaka ndinamva a Hara akuti, "Tionge, kagwire nkhuku."

"Iti, adada?"

"Iliyonse imene ingagwidwe."

Imene inagwidwa inali tambala wowonda wa khosi lopanda nthenga, amene ngakhale mphamba ankamudutsa. A Hara anatuluka okha pakhonde n'kundipatsa ndi manja awiri. Zaka zisanu ndi chimodzi ndakhala ndikutunga madzi pamudzi uno, kuphika pa maliro, kugwada mpaka mawondo kuda, nkhuku osaoneka. Natasha anaitulutsa m'sabata zitatu.

Ndinkafuna kuseka, koma nditakweza maso ndinaona nkhope yawo pafupi kwa nthawi yoyamba.

"Mkamwana," anatero, "ndithandize, ndapota. Ine mzungu uyu sindimudziwa. NyaThole akapita, mbwenu ine ndatha."

Chisoni chinandigwira. Ndinapereka tambala kwa Tionge n'kulowa. Apongozi aakazi analola kuti ndigwire makinawo, malinga iwo aime kumbuyo kwanga ndipo ndizinena chilichonse ndisanadine.

Koma zimene ndinaona pa sikirinipo! Pamwamba panali masamba 61 otsegula nthawi imodzi, opanikizana mpaka maina osaoneka. Ndinafunsa chifukwa chake satseka akamaliza kuwerenga.

"Kutseka munthu akadali pompo? Si ulemu umenewo."

Ndinalowa m'masetingi, pamalo pamene bulawuza imasunga mndandanda wa masamba ololedwa kutumiza mauthenga. Anali 87. A juga ya mpira analipo asanu ndi anayi. Aneneri anayi. Ogulitsa magalimoto a ku Japan, mankhwala omeretsa tsitsi, nyengo ya ku Canada, zonse zinali ndi chilolezo cholowa pabalaza pa a Hara nthawi iliyonse.

"Adada," ndinatero, ndipo mawuwo anamveka achilendo m'kamwa mwanga, "kakabwera kabokosi kofunsa kuti Allow kapena Block, mumadina pati?"

"Pa Allow."

"Nthawi zonse?"

"Nanga munthu waodira pakhomo, ndimubweze? Ndine mkulu wa mpingo ine."

"Awa si alendo, adada. Ndi mavenda. Mukawalola kamodzi amabwera ndi mphasa zawo."

Ndinayamba kuwachotsa mmodzimmodzi, ndikutchula dzina lililonse mokweza monga mwa lamulo. Kenaka ndinazimitsa kabokosi kofunsa kaja kuti pasapezekenso woodira. Ndinaletsa makanema kuyamba okha kulankhula. Ndinapita pa timapulogalamu towonjezera timene munthu amamata pa bulawuza, n'kupeza titatu timene tinadzilowetsa tokha. Kamodzi kanali katasintha tsamba lofufuzira, moti a Hara akalemba kuti fodya ankawabweretsera nsapato. Ndinatizula tonse. M'malo mwake ndinaika kamodzi kodalirika kotchinga malonda, ndipo ndinawaonetsa kachizindikiro kake kuti akadziwe. Masamba 61 aja ndinatseka, n'kusiya atatu: la nkhani, la mitengo ya fodya ndi la mpira.

Makina amene ankalira ngati chigayo anangoti phee. Tsamba la nkhani linatseguka kamodzi n'kamodzi, loyera, lopanda wovina m'mbali.

"Yewo chomene," anatero a Hara, akupukuta magalasi. "Kani vinthu ivi vimamvera munthu?"

Ndinadzimva, ndisabise. Ndinakhala tsonga pampando wa pabalaza umene ndinali ndisanaukhalepo chikwatiwire. Mumtima ndinkati, lero mwaona ntchito ya Mchewa wodya mbewa.

"Ndiye mwamubisa," anatero apongozi aakazi kumbuyo kwanga.

"Sindinamubise, amama. Ndamutsekera kunja. Sabweranso."

"Ndamva. Koma mwanena nokha kuti salowa popanda womulola. Anamulola poyamba ndani? Ndipo anakamupeza kuti, kuti aodire pakhomo pano? Aneneri ndikudziwa, bambowa amawakonda. Mpira ndikudziwa. Kwa Natasha anapitako ndi miyendo ya ndani?"

Ha! Kufotokoza kwanga komwe ndi kumene kunawamanga a Hara. Koloko ya pakhoma inkati kwatsala mphindi makumi awiri kuti thu koloko ikwane. Hutala inaliranso kumsewu, ndipo apongozi aakazi anakoleka chikwama paphewa.

"Tsegulani kwa Natashako," anatero. "Ndione amene amalowako. Apo ayi, tsalani bwino."

Dzina la tsambalo ndinali nditaliona pamndandanda uja. Linali tsamba la anthu ofuna zibwenzi. Ndinalilemba, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti lifunsa dzina ndi pasiwedi, ndipo a Hara alibe zimenezo, nkhani ithere pomwepo. Linafunsadi. Koma ndisanagwire kanthu, timabokosi tiwirito tinadzidzaza tokha. Bulawuza imasunga maina ndi mapasiwedi a munthu amene analowapo kale, kuti asavutike kulembanso.

Dzina limene linatulukira linali ZondieJozi.

Ndinasiya kafulu. Ndi pamene ndinaona chinthu chimene ndikanayenera kuona poyambirira, ine wa dipuloma. Pakona yapamwamba panali kachithunzi kozungulira, kakang'ono ngati batani la malaya. Inali nkhope ya mwamuna wanga. Potumiza laputopu sanatulutsemo akaunti yake.

A Hara anaona pamene ndikuyang'ana. "Ndi Zondwayo ameneyo," anatero monyadira. "Amandiyang'anira ndikamawerenga."

"Mwaimiranji?" anafunsa apongozi aakazi. "Dinani."

Ndikanatha kunama. Ndikanati netiweki yathawa, kapena bandulo yatha. Chizungu sawerenga, sakanadziwa. Ndikanabwerera ku boma ndi manyazi anga m'thumba, n'kukalira ndekha kumene kulibe ondiona. Koma pafupi nane panali mkulu uja, manja ali pamawondo, tayi itapindika, akuyang'ana chikwama cha mkazi wake.

Ndinadina.

Tsamba linatseguka. Pa chithunzi, Zondwayo anali ataima pafupi ndi galimoto yofiira ya munthu wina, akumwetulira mano onse, atavala jekete yachikopa imene ndinamugulira ine pa kaunjika wa pa boma nditamva kuti ku Joni kumazizira. Pansi pake panali mawu ofotokoza za iye. Tionge, poti anazolowera kumasulira, anayamba yekha asanaganize.

"Akuti zaka 36. Amakonda mpira ndi kupemphera. Akuti ndi..." Anandiyang'ana. "Akuti ndi wosakwatira."

Kunja tambala uja analira, miyendo ili yomanga.

Ndinalankhula ndine, ndipo ndinadabwa kuti mawu anatuluka owongoka. "Amama, amene anamutsegulira Natasha ndi mwana wanu. Makinawa anali ake asanawatumize kuno, ndipo zilolezo zake zinatsalira momwemo. Adada alibe mlandu. Natashanso kulibe. Ndi chithunzi chabe chokopera anthu, ndipo aliyense padziko lapansi chimamuuza kuti chili makilomita awiri. A NyaSoko sizikuwakhudza."

Apongozi aakazi anawerama n'kuyang'anitsitsa chithunzicho. Anayang'ana amuna awo. Kenaka chikwama chinagwa pansi, ndipo anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka ku dipi.

"Yewo Chiuta! Yewo! Ndi Zondwayo chabe!"

Chabe. Mawu amenewo anandilowa ngati minga ya m'chidendene.

"Tionge, thamanga ukamuuze wa pikapu azipita! Justus, nawenso, osanena bwanji kuti si iwe?"

"Ndakhala ndikunena sabata zitatu," anatero a Hara.

"Unkanena mofooka."

Anavula nsapato za ku tchalitchi pomwepo n'kukhala pansi, akupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Anandigwira paphewa. "Musadandaule, mkamwana. Anyamata a ku Joni ndi choncho, kusewera basi. Kuzizira kuja." Kenaka nkhope inasinthanso pang'ono, poti munthu amene wayeza makilomita mbali zinayi sakhutira msanga. "Komabe tionetsetse. Bambowa sanasuzumireko ngakhale kamodzi? Makinawa sasunga mapazi a munthu?"

Amasunga. Pali tsamba la mbiri, pamene bulawuza imalemba paliponse pamene munthu wapita, tsiku ndi nthawi yake. Tionge anali atabwerako kumsewu, akupuma mwawefuwefu. Ndinatsegula mbiriyo kuti nkhani ithe, ndizipita.

Mapazi a a Hara anali oyera. Mitengo ya fodya, mpira, nyimbo za m'buku, matenda a nkhupakupa. Koma pakati pa mizere yawo panali mizere ina imene sinali yawo. Poti akaunti inali imodzi, foni ya Zondwayo ku Joni ndi laputopu ya ku Edingeni zinkalemba m'buku limodzi. Chilichonse chimene iye ankatsegula uko chinkafika kuno, ndipo chakhala chikufika chaka chonse, a Hara osadziwa.

"Werenga, Tionge," anatero apongozi aakazi.

Tionge anawerama. "Dzulo, faifi koloko. Chipatala cha amayi oyembekezera, ku Tembisa. Dzulo lomwelo, kabedi ka mwana wakhanda, mtengo wake. Lachitatu, zimene bambo ayenera kunyamula tsiku lochira mayi. Lachiwiri, zovala za khanda, za buluu..."

Anasiya. Anaphimba pakamwa ndi chitenje.

"Za buluu?" anatero apongozi aakazi. "Ndiye kuti ndi mwamuna!"

Anazindikira mawuwo atatuluka kale. Anagwira pakamwa, anayang'ana pansi, anayesa kukwinya nkhope kuti ifanane ndi ya munthu wachisoni. Koma maso ndinali nditawaona. Anawala kuposa mmene anawalira pa ukwati wanga.

Sindinalire. Ndinapsa mtima, kupsa koti m'makutu munkalira. Zaka zinayi ndakhala ndikumwa mizu yowawa imene mayi yemweyu ankanditumizira m'mabotolo, yoti ati itsegule njira, ngati kuti mwana amabwera pa foni.

A Hara anaimirira. "Mkamwana," anatero. Munthu amene wangophunzira kulankhula nawe lero sangakhale ndi mawu a nkhani yotere. Pomaliza anati, "Pepa chomene," n'kutuluka kukaona ng'ombe, ngakhale ng'ombe zinali kudambo.

Apongozi aakazi anatola nsapato zawo n'kunena kuti akukamasula katundu. Tionge anati akukaika madzi a tiyi. Ndinatsala ndekha pabalaza ndi makina aja, ali phee, oyera, opanda wofuula ngakhale mmodzi. Ntchito ndinaigwira bwino, zimenezo palibe angatsutse.

Panatsala setingi imodzi, yodula kulumikizana kwa laputopu ndi foni ya ku Joni, n'kutulutsa akaunti ya Zondwayo. Ndi kudina kawiri kokha. Ndinafika pamenepo, kamuvi kali pa batani, koma ndinabwerera.

Njira imene imabweretsa zinthu imapititsanso. Bulawuza ili ndi malo otumizira tsamba ku chipangizo china cha akaunti yomweyo, ndipo limakatulukira pa foniyo ngati uthenga, ndi kabelu komwe. Ndinatsegula tsamba la kabedi kaja. Kanali kokongola ndithu, koyera, kokhala ndi neti yake ndi tinyenyezi tolendewera. Ndinasankha dzina la foni ya Zondwayo pamndandanda. Ndinatumiza.

Kenaka ndinabwerera pa tsamba la mbiri, ndinaika foni yanga pa ntchafu, n'kudikira.

Sizinatenge mphindi zisanu. Mzere wa kabedi unazimirira. Wa chipatala unatsatira. Kenaka zonse zinachoka nthawi imodzi, za buluu, za mpira, ngakhale mitengo ya fodya ya a Hara ndi nyimbo zawo za m'buku. Ku Joni munthu anali ataona, ndipo zala zake zinkathamanga. Sikirini inatsala yoyera, ndi kamzere kamodzi ka Chizungu konena kuti palibe chimene chasungidwa pano.

Ndinayang'ana foni yanga. Netiweki inali yodzaza, batire lili bwino. Ndinakhala pampandopo mpaka tiyi anafika, mpaka anazizira. Foniyo sinalire.